Wansembe Adzafunsa Ine

Pigadia, Karpathos
Seputembala 1988

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Mankhwala ndinakutumizirani aja mukumwa, kapena mwawatsekera m'kabati kudikira tsiku lomwe mudzadwale zenizeni, monga mumachitira? Ine ndili bwino, kungoti ndanenepa, ndipo kunenepa kumeneku ndi kumene kwandilembetsa kalata.

Musadabwe ndi sitampa. Sindili ku Pireya. Ndili kuchilumba, kwa mwana wanu Apostoli, mu hotelo ya apongozi ake. Sindinaimbe lamya chifukwa lamya ya pamalo omwera khofi a Barba-Mitso ili ndi makutu a mudzi wonse. Nkhani ikangodutsa pamenepo imafika kutchalitchi inu musanafike pakhomo.

Apostoli anachita kundiimbira yekha kusitolo ya nsapato ya ku Pireya komwe ndimagwira ntchito, mawu ali ozuna, ati chemwali wanga watopa, abwere adzapume m'mbali mwa nyanja, tikiti ya sitima ya pamadzi alipira ndi iye. Ndinayang'ana lamyayo kuti mwina yasokonekera. Uyu ndi munthu amene sanabwere pamwambo wa masiku makumi anayi chimwalirire Bambo, ati hotelo yadzaza Majeremani. Ine ndi inu tinagawa tirigu wophika uja pakhomo la tchalitchi tili awiri, ngati banja lomwe silinabalepo mwana wamwamuna. Zimenezo sindinaiwale, ndipo musayambe kundiuza kuti ndiiwale. Ndinabwera kuti ndidzaone chimene akufuna.

Chipinda chimene andipatsa, Amayi, ndi chija amagoneka alendo a ndalama zawo. Chili pamwamba, khonde lake layang'ana kunyanja, madzi ali pansi pomwepo moti ungawalavulire. Bedi lake tikhoza kugonapo ine, inu ndi mbuzi zanu zonse. Apongozi akewo, mayi Rigopula, mwini wake hoteloyi, anandilandira padoko ndi manja awiri, kundipsompsona uku ndi uku, kunditchula kuti mwana wanga wagolide. Paukwati uja ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba masipuni. Lero ndasanduka golide.

Chakudya ndiye musakambe. M'mawa uchi ndi tchizi, masana nsomba yomwe inali m'madzi dzuwa likutuluka, madzulo makarunesi awo aja, a ufa wa tirigu opota ndi zala, othira anyezi wokazinga. Ndikati ndinyamule mbale yanga, mlamu wanga Kalitsa, mkazi wa Apostoli, amandilanda, ati alamu khalani, manja anu ndi a mlendo. Mbale ikangotsala pang'ono kutha, mayi Rigopula afika kale ndi chipande. Ndinakumbuka mawu a Bambo aja, akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Poyamba ndinaganiza kuti akufuna kundikwatitsa. Kuli msuweni wawo wina wochokera ku Amerika, wadazi, wovala malaya a maluwa, amene amakhala pakhonde tsiku lonse kutokosa m'mano. Ndinamulankhula mawu awiri okha ndipo sanandiyandikirenso, koma palibe amene anadandaula, ndiye ndinadziwa kuti si zimenezo. Kenaka ndinaganiza za munda wa Bambo. Ndinamufunsa Apostoli maso ndi maso ngati akufuna ndimusiyire gawo langa. Anaseka mpaka kutsokomola, ati munda wa miyala uja angaulimire chiyani. Kuseka kwake kunali koona. Ndimamudziwa akamanama, khutu la kumanja limafiira, ndipo silinafiire.

Tsono Beba, monga timatchulira khanda lisanabatizidwe. Amayi, mdzukulu wanu ndi wokongola, zimenezo sindikana. Wayamba kuyenda chogwira mipando. Chipumi ndi chanu ndithu, mpaka kakhwinya kaja mumapanga wogulitsa akakutchulirani mtengo. Chimene ndinaona n'chakuti aliyense womunyamula ankathera pomukhazika pamiyendo panga. Ndikakhala pagombe, Beba pamiyendo. Ndikakhala patebulo, Beba pamiyendo. Mayi Rigopula kumangoomba m'manja, ati taonani mmene akuwakondera azakhali ake, magazi sanama.

Tsiku lina pachakudya cha masana ndinamukweza m'mwamba n'kufunsa kuti nanga Lambrini wathu wamng'onoyu abatizidwa liti, poti mwana sangafike poyenda anthu akumutchulabe Beba ngati chidole. Ndinangotchula dzina lanu basi, Kalitsa anagwetsa supuni. Mayi Rigopula anakuwira kukhitchini kuti abweretse chivwende, chikhalirecho chivwende chili pamaso pawo. Ndinayang'ana mwana wanu. Khutu lili psuu.

Amene anandimasulira ndi mayi wina wachikulire amene amandiyalira bedi, dzina lake Sofila. Ine ndinkayesa ndi wantchito wolembedwa. Si wantchito, ndi mng'ono wawo weniweni wa mayi Rigopula, bere limodzi. Ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji kuti wina akhale ndi makiyi a hotelo, wina azichapa nsalu zake. Anandiyankha akukunga nsalu pabedi, osandiyang'ana: “Ndinabadwa wachiwiri, mwana wanga. Dzina lokhala ndi nyumba ndinalipeza litatha.”

Kuno sachita monga kwathu, Amayi. Kwathu mwana wamkazi woyamba amatenga dzina la amayi a bambo ake, ndipo n'chifukwa chake inu mwakhala mukudikira. Kuno amatenga la amayi a mayi ake, ndipo dzinalo silibwera lokha. Limabwera ndi nyumba, minda, mkanda wa ndalama zagolide umene amavala pa zikondwerero, ndipo masiku ano limabwera ndi hotelo. Wotenga dzina watenga zonse. Apostoli ankadziwa zimenezi tsiku lomwe ankakwatira, ndipo anakusiyani mukupeta chilembo cha dzina lanu pa kathaulo kaja osanena kanthu.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndi pomwe amalonda anafika. Mayi Rigopula anaimirira ndi tambula ya vinyo, maso ali ndi misozi yomwe sindikudziwa anaigula kuti, n'kunena kuti banja lonse lagwirizana kuti palibe wina woyenera kukhala mayi wa ubatizo wa Beba koma ine. Ati ndine ndidzamudzoze mafuta, ndine ndidzamulandire potuluka m'madzi. Onse m'manja phwaphwaphwa, mpaka wadazi uja. Sananene kuti ndinenso amene wansembe adzanditembenukire n'kufunsa dzina la mwana, koma zimenezo ngakhale mwana wa sukulu amadziwa.

Ndinamukokera mwana wanu kuseri kwa maambulera a pagombe, komwe alendo amadziwamba ngati nsomba. Ndinamuuza kuti achimwene, nenani bwinobwino, mwandinenepetsa sabata yonse kuti ndidzatchule dzina liti? Anayamba zozungulira, ati nyengo ya alendo yavuta, ati Kalitsa sagona. Ndinati ndafunsa dzina. Pamenepo anaulula. Ati likatuluka pakamwa pa munthu wa pachilumba, Amayi adzati anthu a kunyanja andibera, ndipo sadzapondanso kuno. Koma likatuluka pakamwa pa mwana wawo yemwe, adzalira pang'ono n'kuvomereza.

Mwamva, Amayi? Mpeni anali nawo kale. Chimene ankasowa ndi dzanja la kwathu loti liwugwire.

Ndinamutchula mayina angapo amene sindingalembe m'kalata yopita kwa inu. Iye anangoti: “Garufalia, tukwana mpaka utope, koma ukatha umuyang'ane mwanayo.” Ati apongozi ake ananena poyera kuti Beba akapanda kukhala Rigopula, hotelo idzapita kwa mwana wa mchimwene wake wa Kalitsa wa ku Amerika, amene mkazi wake ndi woyembekezera ndipo walonjeza kale dzinalo. Ndinati nanga bwanji osamupatsa mayina awiri, anthu ku Atene akuchita. Ati anayesa, mayiwo anayankha kuti dzina la theka limalandira hotelo ya theka, ndipo iwo sanamangepo ya theka.

Sindikudziwa kuti zoona zikuthera pati. Mwina za ku Amerikazo n'zongondiopseza. Mwinanso Sofila anachita kumutuma kuchipinda kwanga kuti andifewetse mtima, poti m'nyumba muno ngakhale mphaka ndikumukayikira. Koma manja a mayi uja ndinawaona, ndi osweka ndi sopo, ndipo manja sangachite kuwatuma. Ndikamuyang'ana Beba akukoka nsalu ya patebulo, ndimaona chipumi chanu, kenaka ndimaona manja a Sofila.

Komanso ndimakumbuka inu paubatizo wa mdzukulu wa anzanu a Stamatia, mmene munaimira kumbuyo iwo akumva dzina lawo likutchulidwa m'tchalitchi, inu n'kundinong'oneza kuti tsiku lanu likubwera. Ana tilipo awiri okha. Ine ndikadzakwatiwa, ngati alipo wolimba mtima, mwana wanga wamkazi woyamba adzatenga la apongozi anga. Mukaphonya pa Beba, mwina simudzalimvanso dzina lanu.

Ndavomera kukhala mayi wa ubatizo. Anasangalala moti anapha mbuzi. Akuganiza kuti nkhani yatha, ndipo ine sindinawauze kuti yatha kapena ayi. Aiwala chinthu chimodzi: wansembe sadzafunsa mwini hotelo, sadzafunsa Apostoli, adzafunsa ine. Ndipo dzina likangotchulidwa pamadzi paja, ngakhale bishopu sangalibweze.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani. Ubatizo uli Lamulungu loyamba la Okutobala, alendo akachoka. Iwo anakonza zokuuzani mochedwa kuti bondo likukanikitseni, ndipo zimenezi ndinazimva ndi makutu anga Kalitsa akuuza amayi ake kukhitchini. Kwerani basi mpaka ku Pireya, ine ndidzakhala nditabwerera kuntchito, tidzakwera sitima limodzi. Mutenge kamtanda kagolide kamene Bambo anagula ku Karditsa n'kunena kuti n'ka Lambrini wamng'ono. Kali m'chitini cha mabatani, pansi pa ulusi wakuda. Mtanda amabweretsa ndi mayi wa ubatizo, ndipo ine sindigula wina.

Musandiyankhe m'kalata, ndiponso m'sitima sindidzakufunsani. Ndikukudziwani, mudzati chilichonse chimene ana akonda, kenaka mudzalira kukhitchini zaka khumi. Ndikufuna muyambe mwamunyamula mwanayo, muone hoteloyi, muone Sofila. Tikadzalowa m'tchalitchi mudzaime pomwe ndingakuoneni. Wansembe akadzafunsa, ndidzayang'ana inu. Mukadzakweza chibwano, monga mumachitira pokana, ndidzadziwa kuti dzina lanu mwalipereka, ndidzanena Rigopula, ndidzalimeza ngati mankhwala, ndipo Apostoli sindidzamulankhula mpaka Pasaka wa chaka chimene ndidzasankhe ndekha. Mukadzangoima chilili, ndidzanena Lambrini mokweza mpaka amve ali padoko, zotsatira zake tidzasenza tonse. Dzinalo ndi lanu. Ngati n'kulipereka, mulipereke nokha ndi mutu wanu, osati alitenge ndi mbale za nsomba.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Vangelio ndi amuna awo, kwa amalume a Thimio, muwauze kuti nsapato zawo ndawasungira, ndiponso kwa msuweni wanga Lenio ndi ana. Kwa a Stamatia moni yekha, nkhaniyi ayi. Mukapita kumanda mukayatse kandulo m'malo mwanga, muwauze Bambo kuti kamtanda kawo kanyamuka.

Mzere wokhota uli pansipawu si wanga. Beba wandilanda cholembera ali pamiyendo panga, poti amuikaponso. Ndamusiya alembe. Dzina loti aike pansi pake alibe, likudikira inu.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Garufalia