Ndatsutsa Aphunzitsi Anga, Nanga Pachikuto Alemba Ndani?

Aphungu,

Mundilole ndidzitame pang'ono. Ndimaphunzitsa mbiri yakale payunivesite, ndipo buku langa loyamba likutuluka mu Okutobala. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikufukula m'makaundula a msonkho wa mpunga a m'nthawi ya mafumu akale a mzera wa Ming, ena odyedwa ndi njenjete, mpaka maso anga anapempha magalasi. Amuna anga amandiseka: "Mayi a Xiaoman, mukuwerengera mfumu yakufa kalekale mpunga wake, pomwe wathu ukupserera pamoto." Aseke, ine chimene ndinkafuna ndachipeza.

Vuto nali. Aphunzitsi anga a Qiu, a zaka 83, anatchuka polemba kuti m'boma lina la m'mbali mwa ngalande yaikulu, oyendetsa mabwato ankaba mpunga wa mfumu. Ine ndapeza kaundula wosonyeza kuti sunkabedwa ayi, anali malipiro awo, chidindo chilipo. Mutu wachinayi wa buku langa ukugwetsa mfundo yawoyo.

Mwambo mukuudziwa: dzina la buku loyamba amakulembera pachikuto ndi mphunzitsi wako, ndi burashi yake yolembera ndi inki. Anzanga onse asanu ndi awiri a Qiu anawalembera. Tsiku lomaliza maphunziro anandiuza kuti, "Wamakani iwe, usachedwe nalo, dzanjali layamba kunjenjemera." Mnzanga wina akuti ndiwatumizire dzina lokhalo alembe, zam'katizo adzazionera konko. Ndikuopa kuwataya, koma mutu wachinayiwo sindichotsa.

R.Y., Huai'an

A R.Y.,

Dzitameni ndithu, mwakhetsera thukuta. Koma mnzanuyo musamumvere. Kumeneko n'kuwasainitsa mkuluyo chigamulo chawo ali chitsinzinire. Akadzamva kwa ena pamsonkhano, mpamene mudzawataye zenizeni.

Pitani nokha sabata ino, osati pafoni. Tengani tiyi amene amakonda, zithunzi za kaundulayo, ndi mutu wachinayi wosindikizidwa m'zilembo zikuluzikulu. Perekani ndi manja awiri, kaundula poyamba, awerenge okha. Musapepese pa zimene mwapeza. Ingowakumbutsani kuti amene anakuphunzitsani kuyang'ana chidindo musanakhulupirire munthu ndi iwowo.

Za burashi musatchule tsiku limenelo. Apatseni masabata awiri akwiye, akusakireni polakwika. Mwina apapeza, ndipo kuli bwino apapeze iwo kusiyana ndi mlendo.

Kenako bwererani mukapemphe. Akakana, pachikuto paikidwe zilembo za makina basi. Musapite kwa katswiri wina, malowo ndi awo ngakhale atakhala opanda kanthu. Koma munthu amene anakutchani wamakani n'kukuuzabe kuti ufulumire, ine ndikuona ngati ankadziwa mwana amene akulera.

Chomaliza, yang'anitsitsani mmene adzakulandirireni, kaya bwino kaya moipa, ndipo musaiwale. Inunso muli ndi ophunzira. Tsiku lina mmodzi adzagogoda pakhomo panu atanyamula tiyi ndi kaundula amene inu simunamuone.

Aphungu