Chimene Chinkabweza Ogula Nyumba ya Bambo

Mangochi,
14 Okutobala 1984

Okondedwa achimwene a Oswald,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Kitwe. Chifuwa chija munanena m'kalata yanu chinatha? Kuno tikudzuka, kungoti kutentha kwafika poti ngakhale agalu sakuuwa masana. Amayi ku Malindi ali bwino. Mwendo uja ukuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba, ndipo munthu akati awagwire dzanja amamukalipira.

Kalata ino sindiiponya ku positi. Ndapatsira a Jailosi, adalaivala a lole aja amafika kwanuko, kuti akupatseni pamanja. Mukafika pakati pake mudziwa chifukwa.

Mawu anu ndinawamva. Mukuti miyezi isanu ndi inayi ndi yambiri kuti nyumba ya njerwa, ya malata, pakati pa boma, ikhale osagulidwa. Mukuti a Mustapha, adalali amene tinawapatsa ntchito yotipezera wogula, akubweza anthu dala kuti adzaigule okha motchipa. Mwandiuza kuti ndiwalande makiyi. Achimwene, makiyi sindinawalande. Munthu amene wakhala akubweza ogula alipodi, koma si a Mustapha. Ndine.

Mukukumbukira kuti bambo atamwalira tinaika alendi, anthu olipira lendi, m'nyumbamo, aphunzitsi aja a Bonface ndi akazi awo a Hana. Mu Januwale ndinakulemberani kuti alendi achoka. Ndinalemba zochepa chifukwa inali kalata ya ku positi. A Bonface sanachoke okha. Tsiku lina m'mawa akuvala nsapato kuti azipita kusukulu, panaima galimoto, m'menemo munatuluka amuna atatu. Anawauza kuti akufunika pang'ono. Anapita ndi choko m'thumba, ndipo mpaka lero palibe amene wauzidwa kumene ali kapena chimene analakwa.

Mukudziwa mmene zimakhalira zikatero. Anthu oyandikana nawo anasiya kupereka moni pakhomopo. Amayi a kumpopi ankati a Hana akafika, nkhani zonse zii. Abale a mwamuna anatumiza mawu akuti asayerekeze kupita kwawo.

Nthawi yomweyo ndi imene inu munalemba kuti nyumba igulitsidwe denga lisanagwe, poti palibe wa ife amene adzakhalemo. Ndinavomera, ndipo ndikuvomerabe. Ndinapita kukauza a Hana kuti asamuke pakutha pa mwezi. Sanatsutse. Tsiku litakwana ndinawapeza pakhonde atakhalira mtolo wa zovala, ana awiri atawatsamira, mbale zili m'dengu. Nditafunsa kuti basi yake ndi ya nthawi yanji, anandiyankha kuti sakudziwa basi yoti akwere.

Ndinakanika kutseka chitseko n'kubwerera kwathu. Ndinawatsegulira kanyumba kakuseri kaja, mmene bambo ankasungamo matabwa ndi zipangizo zawo za ukalipentala. Ndinati akhale sabata imodzi. Ndinawauza kuti azilowera kachipata ka kumbuyo, ndipo akamva njinga ya a Mustapha azimitse moto, ana akhale chete. Sabata imodziyo ndi imene yafika lero.

Tsono tamverani zimene ndinkachita. A Mustapha akapeza munthu, ankanditumira mawu kuti ndikhalepo monga mwini wake. Woyamba anali kalaliki wa ku Monkey Bay, munthu waulemu, anabwera ndi mkazi wake. Mkaziyo atayamikira khonde, ine ndinamulozera pamene pamadontha. Wachiwiri anali wagolosale wa ku Chiponde. Ameneyo ndinamuonetsa chiswe pafelemu ya zenera, ndinachita kukanda ndi chikhadabo kuti aone bwino. Aliyense akafuna kuona kanyumba kakuseri ndinkati kiyi wake anatayika pamaliro. Ndinanena bodza limeneli kasanu ndi kawiri, ndipo Lamulungu lililonse ndinkapita kukalandira Mgonero.

Mtengo umene munatchula unandithandizanso. A Mustapha ananena tsiku loyamba lomwe kuti mwayerekeza ndi nyumba za ku Kitwe, kuno munthu sangafike pamenepo. Anandipempha kuti ndikulembereni. Sindinalembe, chifukwa mtengo ukakhala pamwamba a Hana ankagona m'nyumba.

Kumapeto kwa Ogasiti a Mustapha anafika kwathu masana, atachokera ku mzikiti. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anakana mpando, anakhala pamkeka. Anati ntchito yawo ya udalali aigwira zaka makumi awiri, ndipo nyumba ikakana kugulidwa iwo saimba mlandu nyumbayo, amapita kukafunsa anthu amene anaikana. Zoonadi anali atapita. Ku Monkey Bay anakwera basi, ku Chiponde anachita kupempha malo pa lole ya chimanga. Aliyense anamufunsa funso limodzi, loti chinamubweza n'chiyani.

Anandiwerengera zimene anamva. Ena anati mtengo. Ena anati nyumba ndi yamdima, mazenera otseka, fungo la mileme, munthu ukalowa umangofuna kutuluka. Kalaliki uja anawanong'oneza kuti nyumba anaikonda, koma atafunsa kwa oyandikana nawo anamva za aphunzitsi aja, ndipo iye ndi wa pantchito ya boma, sangagule khomo limene anthu amaliloza ndi milomo.

Kenaka anayamba kupukuta chisoti chawo ndi dzanja. Anati, "Koma onse atchulanso chinthu chimodzi, chemwali. Akuti mwini wake sakufuna kugulitsa."

Ndinayamba kukana. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha. Ndiye anati, "Kuseri kuja kuli bedi la mpiru. Nyumba yopanda anthu sikhala ndi mpiru wothirira mu Ogasiti. Ndinauona mu Juni, ndimadikira kuti mundiuze nokha."

Achimwene, ndinaganiza za ntchito ya bambo a kunyumba kuno, za ana anga, za galimoto ija. Ndinalira ngati mwana pamaso pa munthu wa eni. Ndinawauza zonse, n'kuwafunsa ngati akanene. Anandiyang'ana modabwa. Anati iwo amagulitsa nyumba, ndipo sanamvepo lamulo loletsa mayi ndi ana ake kugona pansi pa denga. Chimene chinawapweteka n'chakuti ndinawayendetsa miyezi yonseyi padzuwa, dzina lawo likuipa m'tauni, pamene tikanakhala pansi kalekale.

Mawa lake anapempha kuti aonane ndi a Hana. Analowa m'kanyumbamo atavula nsapato. Anawauza kuti akudziwa chipinda chabwino ku Namwera, kwa mlongo wawo, kumene palibe amene angawafunse mafunso. Ine ndinaona ngati nkhani yatha bwino. Koma a Hana anakana. Anati, "Bambo, sikuti ndikukakamira nyumba ya eni. Amuna anga sindingawalembere, iwonso sangandilembere. Tsiku limene adzawatulutse adzabwera pakhomo pano, chifukwa ndi pamene anandisiya. Akadzapeza alendo, ndani m'tauni muno adzalimbe mtima kuwauza kumene ndapita?"

Miyezi yonseyi ndinkawapatsa ufa ndi sopo, koma funso limeneli ndinali ndisanawafunsepo. A Mustapha anatuluka, anaima pabwalo nthawi yaitali akuyang'ana mpanda. Pobwerera anati basi, tasiya kugulitsa nyumba yopanda anthu, tiyamba kugulitsa nyumba imene ilipoyi.

Anayamba ndi kuzula chikwangwani cholengeza kuti nyumba ikugulitsidwa, chimene chinali chitasuluka ndi dzuwa. Anati chikwangwani chikakhalitsa anthu amayamba kufunsa kuti nyumbayi ili ndi chiyani. Anatsegula mazenera onse. Ine ndi a Hana tinakolopa, tinapaka laimu mkati ndi kunja masiku anayi. Malata atatu odontha aja anasinthidwa, felemu yodyedwa ndi chiswe anaikonza mmisiri wina amene anaphunzira ntchito kwa bambo, ndipo anakana kulandira kanthu. Mukanaiona, achimwene. Inayera ngati chaka chija munakwatira.

Atatero anasiya kubweretsa anthu a pantchito ya boma. Anati n'kuwavutitsa chabe, mantha awo ndi omveka. Anayamba kuyenda kumadoko ndi kumsika, kwa anthu odzilemba okha ntchito. Ndipo aliyense ankamuuza zoona asanafike n'komwe pachipata, kuti nyumbayi munkakhala aphunzitsi amene anatengedwa, mkazi wawo ali kuseri, ndipo eni ake akufuna wogula amene angamusiye pomwepo. Ine ndinkaopa kuti akuchulutsa mawu. Iwo anati wogula amene angathawe atamva lero ndi yemweyo amene angadzathamangitse a Hana mawa, ndiye bola athawiretu. Awiri anathawadi. Mmodzi sanatsike n'komwe panjinga.

Sabata yatha anabwera ndi mayi wina dzina lake a Asiatu. Ndi mayi wamasiye, amagula usipa ndi utaka wouma ku Nkhudzi n'kumakagulitsa ku Limbe. Sanayang'ane khonde kapena maluwa. Anayeza chipata ndi mapazi kuti aone ngati lole ingalowe, anagogoda makoma, analowa m'chipinda chachikulu n'kununkhiza ngati muli chinyezi choononga nsomba. Ine ndinatseka pakamwa, monga anandipempha a Mustapha, ndipo ndinangoyankha zimene ndafunsidwa.

Pomaliza anapita okha kuseri. Tinawamva akulankhula ndi a Hana, mawu apansipansi, Chiyao chosakaniza ndi Chichewa. A Asiatu atatuluka anandiuza kuti mchimwene wawo anatengedwanso chimodzimodzi iwo ali mtsikana, ndipo anabwera patatha zaka zisanu ndi ziwiri, tsitsi litayera, n'kupeza mayi awo ali pakhomo pomwe anawasiya. Anati iwo theka la mwezi amakhala pamsewu, ndipo akufuna munthu woti pakhomo pazioneka utsi akachoka. A Hana akhala m'kanyumbamo, aziyang'anira matumba a nsomba ndi kusoka ong'ambika, ndipo azilandira kangachepe. Za anthu oloza ndi milomo, anati akhala akuwaloza chimwalirire amuna awo, ndipo usipa sunasiye kugulidwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Mtengo umene a Asiatu atchula ndi wotsika poyerekeza ndi wanu. Mukaugawa wanuwo pasanu, iwo achotsapo gawo limodzi. A Mustapha akuti ndi mtengo woona wa nyumba zotere kuno, ndipo andionetsa ziwiri za mumsewu womwewo zimene zinapita chaka chatha. Ine ndawakhulupirira. Mayiwo adikira mpaka kumapeto kwa Novembala. Kupitirira apo akuti akamanga yawo ku Nkhudzi, mvula isanawaonongere katundu. Mapepala akufuna dzina lanu monga wamkulu. Ndawaika m'envelopu yomweyi, ndipo pamene pali mtanda wa pensulo ndi pamene musaine. A Jailosi abwerera kuno pakatha masabata awiri.

Ndikudziwa kuti mukwiya, ndipo muli ndi chifukwa. Ndinakunamizani, ndinachedwetsa chinthu chimene tinagwirizana, ndinaika banja lathu pangozi osakufunsani. Mkwiyo umenewo ubwere kwa ine. Koma ngati mungathe, lembani mizere iwiri kwa a Mustapha. Mawu aja munawanena m'kalata sindinawauze, komabe ine amandilemera ndikawaona akupalasa njinga padzuwa chifukwa cha nyumba yathu.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Malindi kukaulula kwa amayi. Ndinayamba ndi mawu ambiri ozungulira. Anandimvetsera akusankha mpunga m'lichero, osadzutsa mutu. Nditamaliza anati, "Ndimadabwa kuti ufa umene ndimakupatsa ukutha msanga bwanji, ana ako ndi atatu okha." Pobwerera ndinapeza kuti m'dengu mwanga aikamo mpunga wapadera, womanga m'kansalu, ndi malaya awiri aja munkavala muli mwana. Anati ndikawapatse ana a aphunzitsi, ndipo ndikuuzeni kuti iwo chala chawo adinda kale pamapepalawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo ndinasoketsa. Moni kwa Enid ndi Maurice, alimbikire sukulu. Bambo a kunyumba kuno ndi ana akupereka moni wambiri. Ambuye akusungeni pansi pa mgodi ndi pamwamba pomwe, akupatseni mtima wofewa pamene mukuwerenga, ndipo atikumanitse tili amoyo.

Ndine mlongo wanu,
Marita