Nkhwaila za Tayala Limodzi

Cuamba, Agosto 1988

Achimwene a Bernado,

Landirani moni wa mlongo wanu Anastaziya. Mukudzuka bwanji ku Namwerako? Nanga alamu a Margarita, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tilipo. Tikugona m'chisakasa kuseri kwa njanji, ndipo komboyo, sitima ya katundu ija, ikatulukira, mwezi wina inde mwezi wina ayi, timaithamangira ngati kuti yatitengera kanthu. Mlamu wanu Domingos ali moyo, akudandaulabe msana monga mumamudziwira.

Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa nsomba amene akudutsa pa Entre Lagos. Musaiwerengere pagulu. Khalani kaye pansi.

Mukukumbukira tayala la thirakitala lija munatola ku munda wa fodya kwathu ku Ngauma? Sabata imene munathawa munasemapo nkhwaila za anthu awiri, zanu ndi za Domingos. Zanu munaziiwala pakhonde chifukwa cha liwiro, inu amene munkati simuopa mfuti. Domingos zake anazitsomeka kudenga, poti masiku amenewo aliyense wa mfuti ankakuvula nsapato panjira. M'mudzi monse palibe anaziona.

Yusufu mukumudziwa, wokhoma ndowa wa ku Mandimba uja, mwamuna wa Hawa, amene anadzamanga pafupi ndi ife. Inu mutachoka, anthu a kutchire anamugwira kuti aziwasenzera katundu. Anabwerera patatha miyezi isanu ndi iwiri, mapazi atang'ambikang'ambika. Ndinamumvera chisoni, ndinamupatsa nkhwaila zanu.

Akuluakulu anamuuza kuti asanalowe m'nyumba asambe mankhwala ndipo zovala za kutchire azitenthe, monga amachitira aliyense wobwera kumeneko. Iye anakana. Anati sanaphe munthu, anangosenza matumba, komanso amasamba kale kasanu patsiku popemphera. Anthu anazisunga mumtima.

Chaka chimenecho mbewu ya chimanga ya mudzi wonse tinaithira m'mitsuko n'kuikwirira patsinde pa chulu, kuti ankhondo akabwera asaipeze. Pozungulira tinkasesapo ndi nthambi m'mawa uliwonse kuti phazi lililonse lionekere. Tsiku lina Lamulungu, ife tili kutchalitchi, wina anafukula mitsuko iwiri. Padothi panatsala mano a tayala la thirakitala, ooneka ngakhale kwa mwana. Onse analoza Yusufu.

Achimwene, tsiku limenelo mudzi unadzaza anzeru. Ena anati kuba kumayenda m'magazi, mwina agogo ake analinso otero. Akatekisi anati ndi njala imene imatembenuza munthu wabwino. Ambiri anati ndi tchire, kuti munthu akakana kusamba, zimene anaona kumeneko zimakhala m'manja mwake. Wina anawonjeza kuti Lamulungu wosapita kutchalitchi anali iye yekha. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka za chimene chinamubetsa, koma panalibe mmodzi anafunsa kuti tayala limodzi limatuluka nkhwaila zingati.

Ine ndinkadziwa. Domingos sanapite kutchalitchi tsikulo, anati m'mimba mukumupota. Nditabwerako ndinakweza maso kudenga. Nkhwaila zake zinali pamalo pake, koma zili ndi dothi lofiira la pachulu, lonyowa. Nditamufunsa anagwada, mwamuna wamkulu, nati watopa kundiona ndikuvala chiguduli ngati wamisala, mbewuyo akufuna akaisinthitse ndi nsalu yanga. Anati Yusufu angomukalipira basi, zitha.

Sizinathe. M'mawa mwake amilisiya anamumanga Yusufu zigongono kumbuyo ndi chingwe chonyowa, n'kumukhazika padzuwa. Chingwe chikamauma chimakoka. Iye ankangonena kuti afunse mayi Anastaziya, ndi amene anamupatsa nkhwailazo, akumudziwa kuti si wakuba.

Anandiitanadi. Anandifunsa ngati m'mudzimo mulinso wina wa nkhwaila za mano amenewo. Ndinayang'ana Domingos, ndinaganiza za ana anga, ndipo ndinati ine ndikudziwa zokhazo.

Pamene ankamumasula madzulo, manja anali atatupa ngati maungu. Kutupa kunaphwa, koma zala sizinadzukenso. Munthu amene ankapinda chitsulo ngati tsamba la nthochi analephera kugwira chikho. Abale a Hawa anabwera kudzatenga Hawayo pamodzi ndi mwana wake Asima n'kuwoloka nawo malire, ati sangasiye mwana wawo m'nyumba ya mbala.

Patatha masiku anayi Domingos anabwera ndi chitenje kuchokera ku Mandimba, chamaluwa achikasu. Ndinachivala, achimwene. Musaganize kuti ndinachikana. Ndinachivala mpaka chinatha.

Kenako mudzi unatenthedwa, tonse tinabalalika. Mbewu yotsala ija sitinaidzale n'komwe. Ndinkadzinamiza kuti nkhondo yafafaniza zonse, poti anthu afa ambiri, ndani angakumbukire mitsuko iwiri? Koma mlandu suola.

Mwezi wathawu ndinamupeza Yusufu pa siteshoni kuno ku Cuamba. Wakhala pansi, kachitini kali m'khosi, manja ali pamiyendo ngati si ake. Kuphazi kuli nkhwaila zanu. Ndinafuna kukhota, koma anandiitana ndi dzina.

Mukudziwa chimene ananena? Anandithokoza. Anati nkhwailazo zamuyendetsa kuchokera ku Ngauma mpaka kuno, ndipo pa anthu onse a m'mudzi muja ndine ndekha ndinamuchitira chifundo. Anati sandisungira kanthu pa zimene ndinayankha tsiku lija, poti ndinanena zimene ndinkadziwa. Za manja anati wazisiya kwa Mulungu. Chimene chimamuwawa n'chakuti Asima akukula akuitanidwa mwana wa wakuba, ndipo mwina mayi ake anamuuza kuti n'zoona.

Ndinalira pomwepo, iye n'kumanditonthoza.

Kuyambira tsikulo ndimamupititsira phala m'mawa, ndimamudyetsa ndi dzanja langa. Sipuni iliyonse amati zikomo. Bwenzi akananditukwana, mwina ndikanapeza tulo.

Ndinamuuza Domingos kuti ndatopa nacho chinsinsichi. Iye akuti inali nkhondo, aliyense anachita zake, ndipo ndikayankhula nayenso amumanga chingwe chomwecho, ana adya chiyani? Sakunama. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhatewo ndi nyumba yanga. Koma nkhondo sinakweze nkhwaila kudenga, nkhondo sinayankhe m'malo mwanga. Ndinayankha ndine.

Tsono pempho langa nali. Ndamva kuti Hawa amagulitsa nkhuni pa Chiponde, kwa inu si kutali. Mufunefuneni. Ine sangandikhulupirire, koma inu ndinu munasema nkhwailazo ndi mpeni wanu, mukudziwa kuti zinali za anthu awiri. Mukamuuze zimenezo, kenako mumuwerengere kalatayi Asima ali pomwepo. Musadumphe dzina la Domingos pomumvera chisoni, ndipo langa musalidumphe chifukwa ndine mlongo wanu.

Ngati Hawa anakwatiwanso, musamukakamize kanthu. Mwanayo yekha amve kuti bambo ake sanabe. Akafuna kubwera, Yusufu amakhala pansi pa mtengo wa mango kumanja kwa siteshoni.

Yusufuyo sindinamuuze. Tsiku lililonse ndimanyamuka ndi mawu ali pakamwa, ndikafika amathawa. Koma kalatayi ikangochoka m'manja mwanga ndilibenso pobisala, ndipo sindikufuna akamvere kwa wina. Mawa ndimuuza. Ndiyamba ndamudyetsa kaye, chifukwa akamva mwina sadzalandiranso phala la m'dzanja langa, ndipo alibe wina womudyetsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Kristina ndi ana ena onse. Ambuye akusungeni m'dziko la eni. Mukamapemphera mutchule Yusufu poyamba, ine pambuyo ngati mungathe.

Ndine mlongo wanu,
Anastaziya