Basi ya Nambala 47

Haeram,
9 Seputembala.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kutupa ndipo mukutha kupita kumunda wa malalanje kuchilumbako. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kumavomera.

Mukudziwa kuti kwa zaka zitatu, ine ndi mnzanga wa kuntchito, Gwak Tae-sik, takhala tikukonza ndondomeko yochepetsa magalimoto ndi utsi mumzinda muno, kuti msewu wa kumsika ukhale wa mabasi ndi njinga zokha. Lachinayi la sabata yatha masana tinaitanira anthu okhala kuphiri kuholo kuti tiwafotokozere. Ndinalankhula modzidalira, Bambo. Ndinawauza kuti galimoto ndi chizolowezi chabe, aliyense angathe kuisiya.

Kenako anaimirira Mayi Seol, achikulire ndithu, amene amagulitsa kimchi, ndiwo ya kabichi wowawasa, pamsika.

"Walankhula zokoma, mwananga. Nanga iweyo wabwera pa chiyani lero?"

Ndinali nditabwera pa galimoto yanga, n'kuiimika kuseri kwa msika kuti wina asaione. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Pa basi, amayi. Nambala 47."



"Ndiye wakwera mzukwa wake," anatero mayiwo. "Nambala 47 inafa mu Malichi, ndipo munaipha ndinu akuofesi. Galimoto yako si yotuwa ija yatseka pamene ndimatsitsira kabichi?"

Bambo wina kumbuyo anati, "Msiyeni, mwina imayendabe pa mapepala ake." Anthu anaseka, ena n'kuyamba kutuluka.

Bambo, apa ndiye povuta kukuuzani. Nambala 47 ndi ija munaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zinayi. Amene anasaina kuti ichotsedwe ndine, ndipo sindinakuuzeni. Pa kompyuta inkaoneka yochedwa, yokhotakhota, yonyamula anthu ochepa. Pamene ndinafuna kunama, ndiyo yokha inabwera m'mutu, chifukwa ndiyo ndinkakwera ndili mwana, nditakhala kumbuyo kwa mpando wanu. Chigulireni galimoto, sindinakwereponso basi mumzinda muno.

Makhansala aimitsa kaye ndondomeko yonse mpaka chaka chamawa. Tae-sik sanandikalipire. Anangoti, "Ntchitoyi ndi yabwino, Mi-ran. Koma tsopano anthu akaiona, aziona bodza lako." Kuchokera tsiku limenelo amadya yekha masana.

Lolemba ndinapita kumsika kukapepesa. Mayi Seol anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuti, "Kupepesako sunga. Nyamula thumba ili, undiperekeze."

Tinakwera basi yatsopano, tinatsika pamlatho, tinadikira ina, n'kutsikanso m'munsi mwa phiri. Kuchoka pamenepo ndi masitepe okhaokha. Pa mapu anga ndinalemba kuti ndi ulendo wa mphindi zinayi. Ife tinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu, mayiwo akupumira panjira katatu. Tikupuma kachitatu analoza nyumba zitatu.

"Awa, awa ndi awo agula magalimoto chichokereni basi ija. Nanga odwala azipita bwanji kuchipatala? Ndiye kuchepetsa kwakoko?"

Thumba lija linali litandidula zala, koma ndinachita manyazi kuliika pansi.

Makiyi a galimoto ndawapereka kwa msuweni wanga Do-yun. Tsopano ndimadzuka molawirira, ndipo ndachedwa kale kuntchito kawiri. Akuluakulu akuntchito andilola kujambulanso njira za kuphiri, koma sindikufunanso kudalira kompyuta yokha.

Pempho langa ndi ili. Mundilembere malo onse amene munkaima, ngakhale aja opanda chikwangwani, amene munkaimira nkhalamba mwa chifundo chanu chabe. Mundiuzenso nthawi imene anthu a pamsika ankatsika ndi katundu wawo. Inu mumadziwa zimenezi, koma ine sindinakufunseni ngakhale kamodzi.

Mupereke moni kwa azakhali ndi kwa anzanu akale a mabasi amene mumamwa nawo tiyi. Ngati amva kale nkhaniyi, musanditeteze. Ndikudziwa kuti mumawauza monyadira kuti mwana wanu ndi amene amakonza za mabasi mumzinda. Muyambe mwasiya kaye kuwauza zimenezo, mpaka tsiku limene basi idzafikenso kuphiri.

Ndine mwana wanu wosamva,
Mi-ran