Chipsera cha Tomasi

Okondedwa achemwali a Rozina,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Petauke. Kuno ku Fingoe tilipo. Nyumba tamaliza kufolera, koma amayi mwendo ukuwavutabe.

Mtima wanga suli m'malo. Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita kubaraka ya pamsika kumene aika televizau. Ankaonetsa mpikisano wa oimba wa ku Maputo, ife n'kumangoseka osatha kuimbawo. Kenaka panabwera mnyamata wamtali. Poimba anapendeketsa mutu monga ankachitira malemu abambo m'tchalitchi, ndipo m'munsi mwa khutu lakumanzere ndinaona chipsera.

Achemwali, ndinakumbuka Tomasi, mlongo wathu amene anasowa pothawa nkhondo paja. Ndinasendera kuti ndimve dzina lake, koma jenereta inazima.

"Gazolina yatha, mana, mlongo wanga," anatero mwini baraka. "Akapambana mudzamuonanso sabata yamawa."

Amayi sindinawauze. Mukudziwa mmene anadwalira ulendo uja munthu atawanamiza kuti anamuona ku Tete. Koma dzulo anandifunsa chimene ndikukanira kudya.

Inu ndi amene munamunyamula tsiku limene anapsa ndi phala, ine ndinali wamng'ono. Chipseracho chinali kukhutu liti? Chonde tumizani yankho ndi aliyense wobwera kuno panjinga. Ngati ndi lakumanja, ndiuzeni msanga ndipeze tulo. Ngati ndi lakumanzere, bwerani, sindingathe kuwauza ndekha amayi.

Mulungu akusungeni nonse. Mupempherenso kuti mnyamatayo asachotsedwe mumpikisano ndisanamve dzina lake.

Ndine mng'ono wanu,
Luwiza