Mabowo Amene Akuluampingo Anamata

Lolemba, 8 Januwale
Chipupa chotchinga dothi la kutchalitchi chitigwera. Tchalitchi kumtunda, ife kumunsi, pogona mwana wanga pansi pake penipeni. Chatupa ngati mayi wodwala pakati. Anachimanga ndi ana asukulu ya uinjiniya, a gulu la mapemphero, mwaulere. Anasiya mabowo m'munsi oti madzi a m'dothi azitulukira. Akuluampingo anamata onse ndi simenti, ati matope amadetsa vesi lolembedwa pamenepo. Womata wake ndi bambo a mwana yemweyu.

Lachitatu, 10 Januwale
Kunabwera mtsikana wachipewa cholimba, mtsogoleri wa ana asukulu aja. Anagogoda chipupa, nkhope inagwa. Anapempherera mwana kaye, kenako anapita kwa abusa kukapempha kuti mabowo atsegulidwe. Ine kumbuyo, mwana kumsana. Abusa akuti pakudza alendo ampingo Lamulungu, vesi lioneke loyera. Akuti, “Mwanawe, sukulu yakudyera chikhulupiriro.” Iye osaopa. “Abusa, Mulungu yemweyo ndi amene analenga madzi kuti azifuna njira.” Anandisiyira nambala yake.

Lachinayi
Mvula tsiku lonse. Bambo a mwana akuti ndawavula pamaso pa mpingo potsatira mtsikana uja kwa abusa. Avulidwe. Manyazi saikidwa m'manda, mwana ndiye amaikidwa.

Loweruka, 13 Januwale
Anzake a mtsikana uja agawikana. Ena akuti sitingagwire chipupa popanda chilolezo cha abusa, tisale kudya kaye. Iye akuti abwera ndi amene afune, akangotuluka m'mayeso masana ano. Kusala kudya! Chipupa chimamva njala ngati?
Mng'alu dzulo umalowa chala. Lero dzanja lonse.
Mwana ndakamusiya kwa achemwali. Analira, ine osacheuka.

Loweruka lomwelo, masana
Ndatenga tchizulo ndi hamala ya bambo a mwana. Amayi abusa anaima pamwamba, akuti andichotsa m'kwaya. Ndinati chotsani mayi, ndiziimbira kubafa.
Bowo limodzi ndatsegula. Madzi ofiira anandimenya pachifuwa, vesi lonse matope okhaokha. Sindikupepesa.
Koma chipupa chalira. Kulira ngati chitseko chakale. Sindikudziwa ngati nditsegule lachiwiri kapena ndaonjeza vuto. Apongozi ali m'nyumba, akana kutuluka, ati mwana wawo sangamate chinthu chogwa. Kuwanyamula ndekha sindingathe. Foni ya mtsikana uja ikungoitana.
Ambuye, mutulutseni m'mayesomo. Achemwali achipewa, bwerani ndi anzanuwo, osala ndi osasala omwe. Bwerani pompano