Wonyamula Zikwama pa Phiri la Dedza

Dedza, Juni 1995

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Mualadzi? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mwakolola bwanji, poti chaka chatha munali mukuzulabe zitsa m'munda? Ife kuno tilipo, kungoti ana akutsokomola. Chisanu cha kuno mukuchidziwa.

Ine ndikugulitsabe mbatata yootcha pamene pamayambira njira yokwera phiri. Alendo achuluka masiku ano, azungu ndi a m'tauni omwe. Amakwera kudutsa m'mapaini mpaka pamwamba, ati akaone Mozambiki ali patali, n'kutsika njala itawapweteka. Ena amanenerera mtengo ngati akugula mbuzi.

Achimwene a Bento, ngati ndinu mukuwerenga, muyambe mwawakhazika pansi amayi.

Loweruka lapitali kunatsika alendo, kumbuyo kwawo munthu atasenza zikwama zawo. Ndinangoona kayendedwe, kaja kopendeketsa phewa ngati ka malemu atate, mbatata n'kundigwa m'manja. Ndinaitana dzina. Anaima osatembenuka, kenako anatula zikwama n'kukhala pafumbi. Amayi, Gideoni ali moyo. Mwana wanu amene anagwidwa ndi anthu amfuti kudimba, amene tinamulira maliro opanda mtembo kukampu ya othawa nkhondo kuja, ali moyo.

Akuti anawathawa anthu amfutiwo kutchire nkhondo isanathe, n'kumayendayenda m'maesiteti a fodya mpaka anapeza ganyu yoperekeza alendo kuphiri kuno. Wawonda, ndipo khutu limodzi silimva. Za kutchire sanena, inenso sindifunsa. Pano akukhala nafe. Mkamwini wanu a Yonasi anamupatsa bulangete lawo, ndipo ana azolowera kale kumuitana malume.

Lamulungu tinakwera awiri. Njira yake ndi ya miyala, ine mpweya kuchita kubanika, iye kumandidikira pokhota paliponse. Pamwamba analoza kumadzulo, kumene kuli kwathu. Ndinamufunsa chimene chinamuletsa kukwera nawo malole pamene anthu ankabwerera kwathu ku Mozambiki. Anati amaopa kuti simudzatha kumuyang'ana kumaso, poti manja ake anachita zimene inu simunamuphunzitse.

Pempho langa ndi limodzi. Tumizani mawu anuanu kudzera mwa a Ernesto amene abweretsa kalatayi, oti Gideoni abwere kumeneko. Ine ndamunyengerera mpaka kutopa, koma akudikira mawu ochokera pakamwa panu. Mukawauzenso ansembe kuti asiye kutchula dzina lake pa Misa ya akufa.

Mundiperekere moni kwa malume, kwa azakhali, kwa alamu anga a Feliciana ndi ana onse.

Gideoni ali pano pambali panga. Ndamupatsa cholembera kuti alembe yekha moni wake, wangochigwira mpaka wandibwezera. Wati ndimulembere liwu limodzi lokha, lakuti odi.

Tsalani bwino, Amayi.

Ine mwana wanu,
Adelina